Wachiwiri pa Paipi Yaikulu

Madzulo a tsikulo kunalibe chachilendo. Gulu la usiku linali litangolowa kumene ntchito, galimoto yozimitsa moto ili phee m'garaja, zitseko zili zotsegula chifukwa kunkatentha. Mapewa anali pabwalo akukulunga mapaipi amene anayanikidwa masana, uku akuphunzitsa anthu oti sanamufunse.

Dzina limenelo silinali lobadwa nalo. Anamupatsa ndi anzake, poti munthuyo polowa pakhomo laling'ono ankachita kuyenda chammbali. Mphamvu anali nazo, zimenezo tisamunamizire. Vuto lake linali pakamwa. Akanyamula chinthu ankafuna kuti ndi ogona omwe adzuke aone.

"Kapaipi aka n'kothirira maluwa," anatero akukankha paipi yaing'ono ndi jombo. "Mwamuna amagwira iyo."

Ankaloza yaikulu. Pagalimoto yawo ankanyamula mitundu iwiri. Yaing'ono ndi yopepuka, imakhota bwino m'makona, ndipo ndi imene amalowa nayo m'nyumba. Yaikulu ndi yonenepa ngati mwendo wa munthu. Ntchito yake kawirikawiri ndi kutenga madzi pampopi wa mumsewu kupititsa kugalimoto, kapena kumenya moto waukulu muli panja. Ikadzaza madzi imauma gwa, ndipo mukatsegula mlomo wake imakankha chambuyo. Munthu mmodzi sangaigwire. Imamugwetsa, kenako mlomo wachitsulo uja umayamba kumenya uku ndi uku, ndipo umaphwanya chilichonse chimene wapeza. N'chifukwa chake wakutsogolo amagwira mlomo, wachiwiri amatsamira kumsana kwake, dzanja lina paphewa, lina papaipi. Wachiwiri sachoka. Limenelo ndi lamulo loyamba limene aliyense amaphunzira pantchitoyi.

Wakutsogolo wa Mapewa anali mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake. Anali munthu wochepa thupi, wofatsa, woyankhula ngati mawu amachita kugula. Ankaseka nthabwala za Mapewa ngakhale zimene anazimva kale. Mlongo uja sankagona mwamuna wake akakhala pantchito ya usiku, ndiye Mapewa ankamuuza kuti, "Iwe gona. Kumbuyo kwa mwamuna wakoyo kumakhala ine."

Belu linalira kutangoda, tiyi asanazizire m'makapu.

Unali moto wa m'nyumba yosungiramo mipando ndi matiresi. Nyumbayo inali yakale, yaitali, yopanda mawindo okwanira, ndipo mbali zonse inapanikizana ndi nyumba zokhala anthu. Atafika anapeza utsi wakuda bii ukutuluka pansi pa malata. Anthu anali atadzaza mumsewu, ena akukokera katundu wawo panja. Abwana a gululo anazungulira nyumbayo mofulumira. Anatuma amuna awiri kukathira madzi padenga la nyumba yoyandikana nayo, dalaivala anakhala papampu ya galimoto, kenako anaitana Mapewa ndi mlamu wake.

"Kumbaliku kuli khomo," anatero abwana. "Moto uli m'chipinda cha kumapeto. Tengani yaing'ono, makona ndi ambiri."

"Bwana, m'menemo ndi matiresi," anatero Mapewa. "Amayaka ngati mafuta. Yaing'onoyo tikangowasambitsa. Tipatseni yaikulu."

Abwana anayang'ana utsi uja. Mfundoyo inali yoona, ndipo iwo anadziwa.

"Yaikulu m'kati imafuna anthu atatu. Ndilibe wachitatu."

"Ine ndekha ndine awiri," anatero Mapewa.

Mlamu wake anangomanga silinda ya mpweya kumsana, n'kuvala chigoba kumaso.

Khomo lija linali m'kanjira kopanikizika, pakati pa khoma ndi mpanda wa nyumba ina. Anayala paipi, anawongola mopindika monse, anapereka chizindikiro. Madzi anabwera. Paipi inadzuka, inalimba. Anagwada n'kulowa chokwawa.

M'katimo munalibe choona. Tochi inkangounikira utsi. Mlamu anali patsogolo, Mapewa pambuyo akukoka. Pakona yoyamba paipi inakana, iye anaikakamiza ndi bondo. Pakona yachiwiri inakananso. Thukuta linadzaza m'jombo. Kutentha kunkatsika kuchokera kudenga, kukanikiza pakhosi. Anafika pakhomo la chipinda chija, ndipo utsi unasanduka wofiira.

Mapewa anaika dzanja paphewa la mlamu wake, anatsamira. Mlamu anatsegula mlomo. Paipi inawakankha onse awiri, koma anaima nji. Mpaka pamenepo zonse zinali bwino.

Kenako moto unayenda kudenga. Unadutsa pamwamba pa mitu yawo, kupita kumbuyo kumene anachokera. China chake chinagwa n'kumenya chisoti cha Mapewa. Sichinali chachikulu. Koma iye anakoka mpweya, ndipo anamva ngati sukubwera. Anakokanso. Mtima unagunda m'makutu. Anaganiza kuti chigoba chang'ambika. Anaganiza kuti njira yatsekeka.

Sanaganize zothawa. Manja ndi amene anayamba. Dzanja linachoka paphewa, lina linachoka papaipi, ndipo asanazindikire anali atatembenuka akukwawa. Anachita monga anaphunzitsidwira, kuti ukasochera mu utsi uzitsata paipi, ikutulutsa panja. Chokhacho ndi chimene anakumbukira pa zonse zimene anaphunzira.

Akukwawa choncho ankadikira phokoso. Ankadziwa chimene chimatsatira wachiwiri akachoka: munthu kugwa, chitsulo kumenya khoma, paipi kuvina. Dzanja lake linali papaipi pomwepo, akanamva. Koma paipi inali zii, ikungonjenjemera pang'ono ndi madzi.

Pakona yachiwiri, dzanja lake linagunda dzanja lina.

Anaima. Dzanjalo linali papaipi, likuchokera kumene iye ankapita. Analikhudzanso. Linalibe golovesi. Zala zinali zazitali, ndipo kuzizira kwake kunalowa m'golovesi yake mpaka m'fupa. Chonsecho khoma linkaotcha.

Anakweza tochi. Utsi wokhawokha.

"Ndidutseko, bambo."

Mawuwo anali apansipansi, aulemu. Anamveka bwinobwino, pafupi ndi khutu lake. Munthu wovala chigoba samveka choncho, mawu ake amakhala ngati akuyankhulira m'chidebe. Ameneyu analibe chigoba. Ndipo sanatsokomole.

Mapewa anapatuka. Chimenechi ndi chimene chinkamupweteka kwambiri pambuyo pake. Sanafunse kuti ndinu ndani. Sanamugwire. Anadziphatika kukhoma n'kupereka njira yopita kwa mwamuna wa mlongo wake. Chinthucho chinadutsa. Sanamve jombo, sanamve mawondo akukwekwereza pansi. Anangomva kuzizira kukuyenda m'mbali mwake, kuyambira paphewa mpaka kuphazi.

Kenako paipi inasuntha pansi pa dzanja lake. Inkapita m'kati.

Anatulukira m'kanjira kaja chokwawa, n'kukagwera kuseri kwa mulu wa matabwa. Anavula chigoba. Anachitembenuza uku ndi uku, chinali chabwinobwino. Anayang'ana geji ya silinda, mpweya unali wambirimbiri. Panalibe chimene chinawonongeka. Manyazi anamugwira pamenepo.

Anasuzumira kumsewu. Abwana anali apo ndi wailesi m'manja. Dalaivala anali papampu. Amuna awiri aja anali pamakwerero, akuthira denga. Gulu lonse linali panja, kupatula mlamu wake.

Pakhomo paja paipi inkalowabe. Inkayenda pang'ono, n'kuima, n'kuyendanso, monga imachitira pakakhala munthu wodziwa ntchito amene akupatsira mnzake. Mapewa anaiyang'ana. Miyendo anali nayo, mpweya anali nawo, khomo linali pomwepo. Sanadzuke.

Atakweza maso anaona mayi wina kuseri kwa mpanda, mwana ali kumbuyo, ndowa ili m'manja. Mayiyo ankamuyang'ana. Anayang'anizana kwa kanthawi. Mapewa ndi amene anayamba kugwetsa nkhope.

Sakudziwa kuti anakhala pamenepo nthawi yaitali bwanji. Utsi unayamba kuyera, chizindikiro choti madzi apambana. Apo m'pamene anavalanso chigoba n'kulowa. Aliyense wa pantchitoyi akudziwa kuti kulowa utsi utayera si kulimba mtima. Anakwawa mpaka pakona yoyamba, ndipo anakumana ndi mlamu wake akubwerera, mlomo wa paipi uli wotseka m'khwapa. Anali yekha. Anatulukira limodzi, wina patsogolo wina pambuyo, monga analowera.

Anthu mumsewu anawomba m'manja. Abwana anamenya Mapewa pamsana.

"Pakamwa pako lero palipira ngongole," anatero. "Awiri okha, yaikulu, mpaka chipinda cha kumapeto. Sindinaonepo."

Mlamu anakhala pansi atatsamira tayala la galimoto. Anamwa madzi. Abwana atamufunsa kuti zinali bwanji m'katimo, anayankha akuyang'ana pansi.

"Wachiwiri anagwira."

Mapewa anaona kuti jekete ya mlamu wakeyo inali yakuda ndi mwaye paliponse, koma paphewa panali poyera. Anayang'ana kumbali.

M'mawa mwake mlongo wake anabwera kunyumba. Analowa osagogoda n'komwe, anagwira dzanja la Mapewa ndi manja awiri, misozi ili mbwee.

"Achimwene, ndamva. Akuti denga linkagwa inu osasuntha. Ana anga akanakhala amasiye."

"Ndi ntchito," anatero Mapewa.

"Lero mwayamba kudzichepetsa? Mukudwala?"

Mlongoyo anaseka, ndipo Mapewa anayesa kuseka nawo. Mkazi wake anabweretsa tiyi. Mapewa anagwira kapu. Mawu anali pakamwa, atatsala pang'ono kutuluka. Anayang'ana nkhope ya mlongo wake, n'kuwameza.

Koma mayi wa kuseri kwa mpanda uja sanameze. Anauza mnzake wa pampopi, mnzakeyo anauza wometa tsitsi, ndipo sabata isanathe nkhani inali itafika pagaraja. Mayiyo ankalumbira kuti wozimitsa moto wamkulu thupi uja anamuona ndi maso ake atakhala pamatabwa nthawi yonse imene moto unkazimitsidwa. Koma abwana ankalumbiranso kuti paipi yaikulu sigwiridwa ndi munthu mmodzi, makamaka wochepa ngati mlamu uja. Anthu anaphatikiza ziwirizo, ndipo anapeza yankho lawo. Ankanong'onezana kuti munthu uja si yekha. Amatha kukhala pawiri. Thupi amalisiya panja likupuma, winayo n'kulowa m'moto. Ena anakumbutsana kuti anamumva yekha akunena pamaso pa anthu kuti iye ndi awiri.

Ana a mumsewu wa kwawo anasiya kumuthamangira. Wogulitsa m'golosale ankamupatsa katundu mosamukhudza dzanja. Bambo wina wachikulire anamutsatira mpaka pakona n'kumufunsa chapansipansi ngati angamuthandizeko ndi mankhwala ake, poti mwana wake amagwira ntchito yoopsa.

Dalaivala ndiye anapezerapo choseketsa.

"Lero wabwera ndi uti? Wogwira ntchito, kapena wokhala pamatabwa? Tidziwe, tisawononge tiyi."

Onse anaseka. Mapewa anasekanso. Apa ndi pamene anadziona bwinobwino mmene alili, ndipo zinamunyansa. Ankalola kuti azimuyesa wamatsenga, chifukwa zinali zopepuka kusiyana n'kuti adziwe kuti ndi wamantha. Anasiya kuphunzitsa anthu pabwalo. Anasiya kunyoza paipi yaing'ono. Usiku akagona, dzanja lake lamanja linkazizira, ndipo ankaliika m'khwapa mpaka kucha.

Mlamu wake sanasinthe kwenikweni. Ankamupatsa moni, ankamusungira malo patebulo. Kungoti sankasekanso nthabwala, ndipo munthu akamudzera kumbuyo mwadzidzidzi ankadzidzimuka. Jekete ija anaibweza kosungira zovala za pantchito n'kupempha ina.

Tsiku lina madzulo abwana anawatuma awiriwo kuti akatsuke mapaipi. Anayala yaikulu ija pabwalo, kuyambira pakhomo la garaja mpaka kumpanda. Wina anayambira uku, wina uko, aliyense ndi bulashi ndi ndowa, akuyang'ana ngati pali popsa kapena pobooka. Dzuwa linali litalowa. Anayandikizana pang'onopang'ono mpaka anakumana pakati, pachitsulo cholumikizira.

Mapewa anaika bulashi pansi.

"Alamu."

"Ee."

"Tsiku lija ine kunalibe. Ndinakusiyani. Chigoba chinali bwino, mpweya unalipo. Ndinangochita mantha basi. Mayi uja sakunama, ndinali pamatabwa."

Mlamu anapitiriza kupukuta chitsulo chija. Anachipukuta mpaka m'mizere.

"Ndikudziwa," anatero.

"Anakuuzani ndani?"

"Palibe. Inu mukatsamira mumalemera, ndipo mumapumira m'khosi mwanga ngati ng'ombe. Ndinamva mutachoka. Paipi inandikweza, ndinati basi ndapita. Ndinayesa kutseka mlomo, dzanja linaterereka. Kenako wina anandigwira paphewa. Paipi inakhala pansi. Ndinati mwabwerera, ndinasangalala. Tinalowa m'chipinda, tinamenya moto. Akandikankha kumanzere ndinkapita kumanzere. Ankaidziwa ntchito kuposa inu ndi ine."

"Ndiye munadziwa bwanji?"

"Utsi utayera ndinacheuka kuti ndikuthokozeni."

Mapewa anadikira. Pagaraja wina ankatsuka makapu, wailesi ikuyimba chapansipansi.

"Munaona ndani, alamu?"

Mlamu anapukusa mutu.

"Zimenezo musandifunse. Sindinauze mkazi wanga, sindinauze abusa, inunso sindikuuzani. Anandiyang'ana, n'kundifunsa kuti kodi malowa ndi opanda mwini. Ndinati ayi, mwini wake alipo, wangopita kukawongola paipi pakona. Anati chabwino, adzafunsanso."

Mapewa anakhala pansi, pamadzi pomwepo.

"Bwanji simunandinene kwa abwana?"

"Ndikanati chiyani? Kuti munathawa, ndiye anagwira ndani? Nanga mlongo wanu? Amagona chifukwa cha inu. Ndimulande tulo?"

"Ndisiya ntchito," anatero Mapewa. "Mawa ndikauza abwana zonse. Akupatseni wachiwiri wina, munthu weniweni. Ine sindiyenera."

Apa mlamu anakweza mutu. Kwa nthawi yoyamba chichitikire zija anamuyang'ana m'maso, ndipo Mapewa anaona kuti munthuyo sanakwiye. Ankachita mantha.

"Mukasiya, ndiye kuti ndinamunamiza," anatero. "Ndinamuuza kuti mwini malo ndi inu. Manyazi anuwo muzikhala nawo, si kanthu, bola muzikhala nawo kumbuyo kwanga."

Anadzuka, anagwira mapeto a paipi n'kuyamba kukulunga. Atakulunga pang'ono anaima, osatembenuka.

"Mukadzachitanso mantha, mudzandikoke tituluke tonse. Nyumba ipse. Koma musadzandisiyenso naye."